Maulendo a pa Njinga ku Mapiri a Nyika ndi Midzi Yozungulira

Mu mzinda wa Chipata njinga ndi cuma ca pa banja. M'mawa uliwonse miseu yolowera ku msika wa Kapata imadzaza ndi njinga zonyamula makala, tomato, nkhuku ndi matumba a cimanga, pamene zina zimanyamula anthu opita ku nchito ndi ku cipatala. Kwa zaka zambiri mzindawu unalinso ndi fakitale yakeyake ya Luangwa Industries, kumene kunali kupangidwa njinga za Eagle zimene zinafika m'midzi yambiri ya dziko la Zambia.

Komabe pali nchito ina ya njinga imene anthu a m'cigawo ca kum'mawa amaionera kwa alendo ocokera kunja, ndiyo kuyenda ulendo wautali pofuna kuona dziko. Ulendo wa Tour d'Afrique, umene unayamba m'caka ca 2003 kucokera ku Cairo mpaka ku Cape Town, wadutsa mu Chipata kambirimbiri pocokera ku Lilongwe kupita ku Lusaka.

Munthu wa ku Chipata amene afuna ulendo wotere pakati pa mapiri ndi nyama zakuthengo ali ndi malo amodzi oyenerera kwambiri, ndiwo mapiri a Nyika. Nkhalango ya South Luangwa ili pafupi, koma ndi ya ku cigwa, ndipo mikango, njovu ndi njati zilimo zambiri, motero alendo amayendamo pa galimoto kapena pansi motsogoleredwa ndi mlonda wa mfuti. Pamwamba pa Nyika zinthu ndi zosiyana, ndipo njinga yakhala imodzi mwa njira zodziwika zoonera malowa.

Kumene Nyika ili

Nyika ndi phiri lalikulu lotambalala pamwamba, lomwe lili pa malire a Zambia ndi Malawi, kumpoto cakum'mawa kwa boma la Chama. Mbali yaikulu ili m'dziko la Malawi. Kumeneko malowa anakhazikitsidwa kukhala paki m'caka ca 1965, anakulitsidwa mu 1978, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 3,200. Ndiyo paki yaikulu kopambana m'dzikolo. Mbali ya Zambia ndi yaing'ono, ya masikweya kilomita pafupifupi 80 cabe, ndipo inakhala paki mu 1972. Imayang'aniridwa ndi dipatimenti ya National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa bungwe la ZAWA kuciyambi kwa caka ca 2016.

Malo ambiri a pamwamba pa phirili ali pa mamita opitirira 2,000 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo nsonga yaitali kopambana, ya Nganda, ipitirira mamita 2,600. Mzinda wa Chipata uli pa mamita apakati pa 1,100 ndi 1,200. Motero munthu akaima pa Nganda amakhala pamwamba kuwirikiza kawiri kutalika kwa kwawo.

Pamwambapo mitengo ndi yocepa. Pali zitunda zotsatizana zokutidwa ndi udzu waufupi, ndipo timankhalango tobiriwira timapezeka m'makwawa cabe. Ici ndico cimathandiza wochova njinga, cifukwa maso amaona patali ndipo nyama siimudzidzimutsa. Nyama zooneka kawirikawiri ndi mbidzi, nchefu, cilembwe, mphoyo, mbawala ndi njiri. Anyalugwe ndi afisi aliko, koma amayenda makamaka usiku. Mbalame zimene zalembedwa m'pakiyi ndi za mitundu yoposa 400.

Ena amamasulira dzina lakuti Nyika kuti ndi kumene madzi amacokera, ndipo malowa amagwirizana ndi dzinalo. Mitsinje ya North Rukuru, North Rumphi ndi Wovwe imayambira pamenepa ndi kukathira m'nyanja ya Malawi, pamene madzi a mbali ya Zambia amatsikira ku cigwa ca Luangwa.

Popeza nyama sizidziwa malire, maiko awiriwa anagwirizana zosamalira malowa pamodzi. Anasainirana cikalata ca cimvano mu 2004, ndipo pa 7 Julayi 2015 atsogoleri a maikowa pa nthawiyo, a Edgar Lungu ndi a Peter Mutharika, anasaina pangano lokhazikitsa Malawi-Zambia Transfrontier Conservation Area.

Njira yocokera ku Chipata

Kucokera ku Chipata kukafika pakati pa Nyika pali makilomita oposa 500. Munthu wochova makilomita 70 pa tsiku afunika sabata lathunthu kapena kuposerapo. Ambiri amakweza njinga pa basi mpaka ku Mzuzu kapena ku Rumphi ndi kuyambira pamenepo, koma amene ali ndi nthawi angathe kuyenda njira yonse.

Njira yacidule ndi ya ku Lundazi, mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kucokera ku Chipata. Mseuwu umadutsa m'midzi ya alimi a cimanga, thonje ndi nshawa, ndipo cinenero cimasintha pang'onopang'ono kucoka ku Cinyanja kulowa ku Citumbuka. Ku Lundazi kuli nyumba yochuka ya Castle, imene bwanamkubwa wa citsamunda Errol Button anayamba kuimanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Kucoka pamenepo wapaulendo amaoloka malire pa Lusuntha, kulowa m'Malawi pa Mqocha, ndi kukakumana ndi mseu waukulu wa M1 pa Jenda.

Njira yaciwiri ndi ya pa Mwami ndi Mchinji, pamene kuyambira mu Disembala 2022 maofesi a malire a maiko onse awiri amagwirira nchito pamalo amodzi. Kucokera ku Mchinji mseu umapita ku Kasungu ndi kukafikanso pa Jenda. Ndi yotalikirapo pang'ono kusiyana ndi ya ku Lundazi.

Pa Jenda pali kusankha kwina. Wotsata M1 amakwera mapiri a Viphya, kudutsa m'nkhalango ya paini ya Chikangawa, kufika ku Mzuzu ndi Ekwendeni, kenaka kupatukira ku Rumphi podzera pa mpata wa Njakwa, pamene mtsinje wa South Rukuru umadutsa pakati pa mapiri. Mseuwu ndi wa phula, koma magalimoto akuluakulu ndi oculuka, ndipo pa Viphya pali mitunda yaitali yopanda sitolo.

Wokonda miseu ya m'midzi angadzere ku Embangweni ndi ku boma la Mzimba, m'dziko la Inkosi ya Makosi M'mbelwa. Mngoni wa kwa Mpezeni amafika kwa abale ake enieni, pakuti Mpezeni woyamba ndi M'mbelwa woyamba onse anali ana a Zwangendaba, amene anaolotsa Angoni pa Zambezi mu 1835. Monga mmene Angoni a ku Chipata amakumanira ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala m'mwezi wa Febuluwale, a ku Mzimba amakumana m'tsinde mwa phiri la Hora pa mwambo wa Umthetho m'mwezi wa Ogasiti.

Kucokera ku Mzimba mseu wa fumbi umadzera ku Euthini ndi kukafika ku Kazuni, m'mphepete mwa nkhalango ya Vwaza. Pano pafunika kusamala. Njovu za ku Vwaza zimatuluka kukafika m'minda ndi m'miseu, makamaka madzulo. Kulinso kashembe, nchenche imene imafalitsa matenda a kaodzera. Kashembe amakopeka ndi zinthu zoyenda ndiponso zovala zakuda ndi zabuluu, motero wochova njinga ayenera kuvala zovala zotuwa za manja aatali. Amene wadwala malungo kapena mutu atadutsa m'derali auze a cipatala kumene anadzera, kuti ayezedwe magazi moyenera.

Cikweza ca Rumphi mpaka Chelinda

Boma la Rumphi ndiwo malo omaliza okhala ndi msika waukulu ndi amisiri a njinga oculuka. Cakudya ca masiku onse a pa phiri ciyenera kugulidwa pamenepa. Kucokera ku Rumphi mseu umadutsa pa Bolero, likulu la mfumu yaikulu ya Atumbuka, Chikulamayembe, kumene kumacitikira mwambo wa Gonapamuhanya. Derali ndi la alimi a fodya, ndipo zigafa zimaoneka m'mbali mwa mseu.

Cipata cacikulu ca paki cili pa Thazima, makilomita pafupifupi 55 kucokera ku Rumphi. Kucoka pa Thazima kufika pa Chelinda, pakati pa phiri pamene pali malo ogona alendo ndi omangapo matenti, pali makilomita enanso pafupifupi 60 a mseu wa dothi ndi miyala. Pakati pa Rumphi ndi Chelinda munthu amakwera mamita oposa 1,000, ndipo sakwera kamodzi n'kamodzi, pakuti mseu umatsikira m'makwawa ndi kukweranso. Wa katundu pa njinga agawe mtundawu masiku awiri: tsiku loyamba agone pafupi ndi Thazima, laciwiri alawirire m'mamawa.

Makilomita oyamba kucokera pa cipata amadutsa m'nkhalango ya mitengo ya mombo ndi masuku, yofanana ndi ya m'cigawo ca kum'mawa. M'nkhalango zotsika zoterezi ndimo mumakhala njovu ndi njati. Mu Ogasiti 2017 njovu 34 zinasamutsidwa kucokera ku paki ya Liwonde kupita ku Nyika pofuna kuonjezera ciwerengero cake. N'cifukwa cake wochova njinga ayenera kufunsa alonda a pa Thazima kumene njovu zaoneka, ndi kutsata cimene amuuza ngakhale citakhala cakuti adikire kapena aperekezedwe.

Pamwamba, mseu umayenda pa malire enieni a maiko awiri, ndipo pena wapaulendo amalowa m'Zambia ndi kutulukanso osazindikira. Apa pali cinthu cimene ambiri amadabwa naco: njira yodalirika yofikira ku paki ya Nyika ya Zambia ndi yodzera m'Malawi. Pafupi ndi nyumba yakale ya alendo yochedwa Zambian Rest House, yomangidwa m'zaka za m'ma 1950, pali mphambano. Njira imodzi imapita ku Chelinda, ina imatsikira ku cipata ca Kaperekezi kulowera ku Nthalire ndi Chitipa.

Njira za pamwamba pa phiri

Chelinda ili pa mamita pafupifupi 2,300, m'mbali mwa nkhalango ya paini imene inabzalidwa m'zaka za m'ma 1950. Kucokera pamenepa timiseu ta dothi timapita mbali zonse, ndipo magalimoto ndi ocepa kwambiri. Kwa zaka zambiri alendo akhala akubwereka njinga za m'mapiri pa Chelinda pomwepo. Amene adalira njinga yobwereka afunsiretu asananyamuke kwawo.

Tsiku loyamba ndi lozolowera mpweya. Njira yoyenera ndi yozungulira madamu atatu a pa Chelinda ndi kukwera pa citunda ca Chosi, pamene pamaoneka mbali yaikulu ya phiri. Mbawala ndi mphoyo zimadya pafupi ndi madamuwa m'mawa ndi madzulo.

Njira yaciwiri ndi ya ku nyanja ya Kaulime, makilomita pafupifupi 8 kumadzulo kwa Chelinda. Iyi ndiyo nyanja yokha ya cilengedwe pamwamba pa Nyika, pakuti madzi enawo ndi madamu omangidwa ndi anthu. Makolo a Aphoka anali kuilemekeza monga malo a mizimu, ndipo anali kunena kuti mumakhala njoka yaikulu yoyang'anira madziwo. Mbidzi ndi cilembwe zimabwera kudzamwa pamenepa. Ndi ulendo wa theka la tsiku ngakhale kwa munthu wosazolowera mapiri.

Njira yacitatu ndi ya tsiku lathunthu, yobwerera ku malire kukaona mbali ya Zambia. Kumeneko kuli nkhalango ya Chowo, ya mitengo italiitali yosayoyola masamba, kumene odziwa za mbalame amakonda kufika. Njinga imasiyidwa kunja ndipo m'nkhalango munthu amalowa pansi. Wotsata mseu wa ku Kaperekezi amafikanso pa kanjira kotsikira ku mathithi a Chisanga, pa mtsinje wa North Rukuru. Kutsika n'kosavuta, koma pobwerera pali cikweza cimene cimafuna nthawi yokwanira dzuwa lisanalowe.

Kum'mwera kwa Chelinda, pa mtunda wa makilomita oposa 20, kuli thanthwe la Fingira. M'mbali mwake muli phanga la zithunzi zakale zojambulidwa pa mwala, mmene ofufuza anapezamo zida za miyala ndi mafupa a anthu. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2017 anaonetsa kuti ena mwa mafupawo ndi a anthu amene anakhalako zaka pafupifupi 6,000 zapitazo, alenje amene anali m'dziko lino Acewa ndi Atumbuka asanafike. Amene anaonako zithunzi za pa miyala ku Thandwe ndi ku Mkoma, m'cigawo ca kum'mawa, adzazindikira kuti mbiri yake ndi yoyandikana. Kukhudza zithunzizi kapena kulembapo dzina ndi kuononga cuma cimene sicingabwezeredwe.

Njira zazitali kopambana ndi za kumpoto, ku thanthwe la Jalawe ndi ku nsonga ya Nganda, makilomita 30 kapena kuposerapo kucokera pa Chelinda. Gawo lomaliza la njira zonse ziwiri ndi loyenda pansi. Kukakhala kopanda nkhungu, pa Jalawe munthu amaona nyanja ya Malawi ndi mapiri a ku Tanzania kutsidya kwake. Kum'mwera cakum'mawa kuli nkhalango ya mitengo ya juniper, yofanana ndi mkungudza, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Ulendo wopita ndi kubwerera pa njira zimenezi ndi wa anthu amphamvu ozolowera, oyenda m'gulu, ndipo oyang'anira pa Chelinda ayenera kudziwa kumene gululo lalowera ndi nthawi imene libwerere.

Midzi yozungulira ndi mbiri yake

Mlendo woona udzu wopanda nyumba angaganize kuti pa Nyika sipanakhalepo anthu. Koma Aphoka, amene cinenero cawo ndi nthambi ya Citumbuka, anakhala m'mphepete mwa phirili kwa mibadwo yambiri. Anali akatswiri osungunula citsulo ndi kusula makasu, ndipo zotsalira za ng'anjo zawo zimapezekabe m'malo ena.

Mu 1949 boma la Britain linatuma Laurens van der Post kukayendera phirili, ndipo buku lake lakuti Venture to the Interior linacititsa kuti Nyika idziwike kunja monga cipululu cokongola. Pamene paki inakulitsidwa mu 1978, anthu zikwi zingapo anasamutsidwa m'midzi yawo ndi kusiya minda ndi manda a makolo. Ambiri anakakhala kumalo otsika ndi otentha, kumene malungo ndi oculuka kuposa kwawo kwakale. Midzi imene wochova njinga amadutsamo pozungulira paki ndiyo inalandira ambiri mwa mabanja amenewa, ndipo nkhani ya kusamutsidwako ikali kukambidwa.

Mbiri imeneyi imathandiza kumvetsa mavuto a masiku ano, monga kupha nyama popanda cilolezo, kuchera misampha ndi kutentha udzu m'cilimwe. Pofuna kucepetsa mkangano, boma la Malawi linalola anthu oyandikana ndi paki kupacika ming'oma ya njuci ndi kutenga zinthu zina monga udzu wofolera nyumba motsata cilolezo. Midziyi ili ndi bungwe lake la Nyika-Vwaza Association, limene gawo la ndalama za paki limadzerako popita ku zitukuko. Mu 2023 boma la Malawi linasainirana pangano la zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation loyendetsera pamodzi Nyika ndi Vwaza.

Pa nkhani imeneyi wochova njinga ali ndi mbali yake. Galimoto ya alendo imacoka ku Rumphi ndi kufika pa Chelinda tsiku lomwelo, kawirikawiri osaima m'mudzi uliwonse, ndipo anthu a m'mbali mwa mseu amangotsala ndi fumbi. Wa njinga sangatero. Amaima kumwa tiyi, kugula nthoci, mbatata, uci ndi nsima, kumatitsa chubu kwa mmisiri wa pa mphambano ndi kulipira pogona. Ndalama zake n'zocepa, koma zimagwera m'manja mwa anthu amene akhala pafupi ndi nyama caka conse ndipo ndiwo amaonongeredwa mbeu.

Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, ndipo zimene wacita m'tsiku limodzi zimatsalira amene adzabwere pambuyo pake. Moni wa Citumbuka wakuti monire ndi mau othokoza akuti yewo amatsegula makomo ambiri, ndipo anthu a ku Lundazi ndi ku Chama alibe vuto la cinenero. Wofuna kumanga tenti m'mudzi ayambe waonekera kwa a nyakwawa. Asajambule munthu, nyumba kapena manda popanda kupempha. Akafuna kuthandiza ana, apereke kudzera kwa makolo kapena kwa aphunzitsi, cifukwa kuponyera ana ndalama ndi maswiti kumawazoloweza kuthamangira njinga pa mseu.

Pali cinthu cinanso cimene cimalumikiza Nyika ndi misika ya m'Zambia, ndico cikanda, cimene ku Malawi amacicha cinaka. Cakudyaci cimapangidwa kucokera ku tizinazake tonga mbatata ta pansi pa maluwa akuthengo a mtundu wa orchid, tosinjidwa ndi kuphikidwa pamodzi ndi nsinjiro ndi soda. Pa Nyika pali mitundu yoposa 200 ya maluwa amenewa. Kale cikanda cinali cakudya ca m'midzi ya kumpoto kwa Zambia, koma citalowa m'matauni, okumba anayamba kuoloka malire kupita ku mapiri a Tanzania ndi Malawi. Kambatata kakakumbidwa, duwa lonse limafa. Ku Tanzania vutoli linali limodzi mwa zifukwa zokhazikitsira paki ya Kitulo mu 2005. Kukumba cikanda m'paki ya Nyika ndi mlandu, ndipo wapaulendo asagule kapena kuvomera kunyamulira wina thumba lake poolokera malire.

Njira ya ku Livingstonia ndi ku nyanja

Kucokera pa Chelinda pali njira yochuka ya masiku atatu yotsikira ku Livingstonia, imene imadutsa m'midzi ya Aphoka olima khofi m'zitunda za kum'mawa. Imeneyi ndi ya oyenda pansi operekezedwa ndi mlonda, ndipo njinga siingadutsemo. Wa njinga amabwerera ku Rumphi ndi kutenga mseu wocokera pa Njakwa, umene umakwera ku Livingstonia podzera m'midzi ya m'tsinde mwa phiri.

Mishoni ya Livingstonia inakhazikitsidwa pa Khondowe mu 1894 ndi Dr Robert Laws, ndipo nyumba yake ya miyala, Stone House, imasunga zinthu zakale za mishoniyo. Malowa ali ndi tanthauzo kwa anthu a m'Zambia, pakuti a David Kaunda, bambo wa mtsogoleri woyamba wa dziko lino a Kenneth Kaunda, anaphunzira kumeneko asanatumizidwe kukalalikira ndi kuphunzitsa ku Chinsali kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Pafupi pali mathithi a Manchewe, aatali mamita pafupifupi 125.

Kucoka ku Livingstonia kutsikira ku Chitimba, m'mphepete mwa nyanja, pali mseu wakale wa Gorodi. Pa makilomita pafupifupi 15 umatsika mamita oposa 700 ndi kukhota mwamphamvu malo 20. Ndi umodzi mwa miseu yokongola kopambana m'derali, komanso ndi woopsa kwa njinga ya mabuleki ofooka. Potsetsereka kwambiri, kutsika ndi kukankha njinga ndiyo nzeru.

Nyengo, njinga ndi malamulo

Nthawi yabwino ya ulendowu ndi kuyambira mu Meyi mpaka mu Okutobala, pamene miseu ili youma. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka madzi kuundana pa udzu. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, motero usiku umene ku Chipata umafuna bulangeti limodzi, pa Chelinda umafuna awiri kapena atatu, cipewa ndi zovala za m'manja. Mu Seputembala ndi Okutobala kumafunda, koma utsi wa moto wa m'thengo umabisa malo akutali. Maluwa amaculuka kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, koma ndiyo nthawi ya matope, nkhungu ndi ziphaliwali, zimene ndi zoopsa pamalo opanda pobisala.

Mpweya wa pamwamba ndi wopepuka. Munthu amene ku Chipata amanyamula matumba awiri a makala popanda vuto angapezeke akupuma mwabefu pa kacitunda kakang'ono. Thupi limazolowera pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Kumwa madzi pafupipafupi kumathandiza, ndipo madzi a mumtsinje ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala. Dzuwa la pamwamba limawaula khungu ngakhale kukuzizira.

Njinga yoyenera ndi ya magiya, ya matayala aakulu ndi mabuleki awiri a pa manja. Njinga zolimba za giya imodzi, monga zambiri za Buffalo zimene zafala m'midzi, ndi zabwino ponyamula katundu pamalo osalala, koma pa Nyika mwini wake adzakankha mtunda wautali. Buleki ya kuphazi imatenthanso kwambiri potsetsereka nthawi yaitali ndipo ingaleke kugwira. M'cikwama muyenera kukhala pampu, machubu awiri, zigamba ndi guluu, masipoko, zipanera, mphira za mabuleki, waya wa buleki ndi cida columikizira cheni, cifukwa kupitirira Thazima kulibe mmisiri. Cisoti coteteza mutu ndi cofunika pa miseu ya miyala.

Nzika ya Zambia imafunika pasipoti yosatha nchito polowa m'Malawi. Ndalama za maiko onse awiri zimachedwa kwacha, koma ndi zosiyana mphamvu, ndipo pa cipata ca paki ndi m'midzi pamafunika kwacha ya Malawi. Foni siigwira m'malo ambiri a pa phiri, motero a ku nyumba auzidwiretu tsiku loyembekezera uthenga.

M'paki, ndalama yolowera imalipiridwa pa cipata ndipo lisiti isungidwe. Kuchova usiku n'kosayenera. Njinga iyende mu mseu cabe, osadula m'udzu mmene mbalame zimaikira mazira. Moto ukolezedwe pamalo ololedwa okha, pakuti kamoto kakang'ono mu Ogasiti kangatenthe zitunda zambiri ndi timankhalango timene tinatenga zaka mazana kuti tikule. Nyama ikaoneka pa mseu, wa njinga aime patali ndi kuipatsa mpata. Ikakhala njovu, abwerere mwakacetecete ndi kudikira. Zinyalala zonse zitsike ndi mwini wake.

Magulu a acinyamata, masukulu ndi mipingo ya ku Chipata amene angafune kukonza ulendowu angayambire kwawo komwe. Zitunda zozungulira mzinda, monga phiri la Kanjala, ndiponso miseu ya ku Mwami ndi ku Mtenguleni ndi zokwanira kuyeserapo miyendo, mabuleki ndi kamangidwe ka katundu. Gulu limene lingathe kuchova makilomita 60 pa tsiku kwa masiku atatu otsatizana lili ndi katundu, ndi kufika onse pamodzi dzuwa lisanalowe, lakonzeka kuyamba cikweza ca ku Thazima.